Mutu 6: Matenda Opuma Lachisanu

1. M'mimba mwa Salma

Mwezi wa Juni utangolowa, m'mimba mwa Salma munayamba kupweteka tsiku ndi tsiku.

Matenda ake anali ndi nthawi yake. Ankayamba m'mawa, bambo ake, a Binali, akangotenga nkhafi kuseri kwa chitseko kuti azipita kunyanja kukakoka utaka. Mwanayo ankadzipinda pamkeka, manja ali pamimba, mlomo atauluma. Phala ankakana. Akamukakamiza ankasanza.

Koma kulira ndiye ayi. Salma anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo panali patatha chaka chathunthu asanagwetse msozi ngakhale umodzi. Anthu a m'mudzimo, kufupi ndi Chipoka, ankamuyamikira kuti ndi mwana wolimba mtima. Akuluakulu ndi otero, mwana akapanda kuwasokosera amati zonse zili bwino.

Ntchito yomukokera kusukulu inali ya mkulu wake, Zuleka, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi amene anali mu Sitandade 7. Inali ntchito yotopetsa. Panjira Salma ankangocheuka, kuima, kuyenda pang'ono, kucheukanso.

"Achemwali, mphepoyi ndi mwera?"

"Si mwera. Tiye tachedwa."

Asanafike ndi pamtengo wa mlambe pomwe, funso lija linkabweranso. "Achemwali, nanga iyi?"

M'kalasi Salma sankakhazikika. Ankapempha kupita panja katatu kapena kanayi belu lopumira lisanalire, ndipo ankamupeza ataima pachulu kuseri kwa sukulu, maso ali kunyanja. Masiku amenewo ana ankaphunzira magule okavina pa chikondwerero cha pa 6 Julaye. Anzake akatembenukira kumanja iye ankapita kumanzere, mpaka aphunzitsi anamuchotsa pamzere. Zikhadabo zake anali atazidya mpaka kutuluka magazi.

Zuleka ankamukonda mng'ono wakeyo, koma kunena zoona anali atatopa naye.

2. Zimene ananena a Yohane

Lachitatu amayi awo anatenga khadi lawo la chipani, lija lofunika pachipata chilichonse, nanyamuka ndi ana awiriwo kupita ku chipatala chaching'ono cha m'deralo. Aka kanali kachitatu. Kumeneko kunali bambo wina waimvi, dzina lake a Yohane, amene aliyense ankangomutchula kuti adokotala.

A Yohane anayeza mkodzo, anayeza magazi, anasindikiza pamimba pa mwanayo. Kenako anamuuza kuti akadikire pakhonde.

"Mayi," anatero, "likodzo mulibe, malungo mulibe, njoka zam'mimba tinapereka kale mankhwala. Koma musati mwanayu akunama. Ululu akuumva ndithu. Chimene chikumudya ndi nkhawa."

Amayi anaseka pang'ono mwamanyazi. "Nkhawa, adokotala? Kamwana aka?"

"Ndimvereni bwino," anatero a Yohane. "Munthu wamkulu akada nkhawa amanena kuti mtima wanga suli m'malo. Mwana mawu amenewo alibe. Iye amati m'mimba, amati mutu, amati sindifuna kusukulu. Wina amayamba kukodza pogona chonsecho anasiya kalekale. Wina amafunsa funso limodzimodzi kakhumi, ndipo mukamuyankha sakhutira, chifukwa chimene akufuna kufunsa chenicheni si chimenecho. Ife timathamangira chikwapu, kapena timati waulesi. Chikwapu chimangokankhira manthawo mkati. Inu yang'anani masiku amene amadwala ndi masiku amene sadwala. Kenako mufunseni, koma osati pagulu, osatinso mutamuimika ngati wakuba pabwalo la milandu. Mufunseni mukugwira naye ntchito, manja ali otanganidwa. Akayankha zopusa musaseke. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Amayi anathokoza mwaulemu, koma panjira anang'ung'udza kuti ulendo wonsewo abwerako opanda ndi mbulu umodzi womwe wa mankhwala.

Zuleka anayenda pambuyo akuwerenga masiku ndi zala.

3. Azakhali agamula

Lachinayi masana kunafika azakhali awo, a Hajara, mlongo wawo wa a Binali. Anachokera kwa Maganga pa sitima ya pamtunda atamva kuti mwana sakupeza bwino. Anali mayi wachikondi, wopatsa, koma akagwira mfundo ankaigwira ngati nkhanu.

Atamva za nkhawa zija anaomba m'manja. "Nkhawa ya chiyani? Amadula msonkho mwana ameneyu? Ali ndi mwamuna womuvutitsa?"

Zuleka anali pambali akupala chinangwa. Analankhula mosayembekezeka. "Azakhali, ine ndaona chinthu. Lachisanu Salma sadwala. Amadya, amapita kusukulu bwinobwino."

Iye ankaganiza kuti akuthandiza. Sanadziwe kuti wawapatsa azakhaliwo chingwe.

"Mwamva?" anatero a Hajara, akuyang'ana a Binali amene anali atangofika kuchokera kunyanja. "Matenda amene amadziwa tsiku la Ijumaa ndi matenda anji? Njoka zam'mimba zimadziwa kalendala? Awa ndi majini, achimwene. Amaopa tsiku loyera, n'chifukwa chake amamusiya. Ndipo ndikuchenjezeni, zinthu zimenezi sizifuna chidodo. Kwathu kuja mwana wina anayamba chomwechi, kuima yekhayekha, kuyang'ana kumadzi. Makolo ake anati tidikire. Lero ndi mtsikana wamkulu koma salankhula ndi munthu. Inu mukuona mwana akuthawa m'kalasi kukayang'ana nyanja, mukuti akuona chiyani? Akuitanidwa. Muchotseni pafupi ndi madzi. Ndimutenga Loweruka. Kwathu kuli bambo wina wodziwa kufukiza ndi kutema mphini. Akakhala ndi ine mpaka mvula itagwa. Sukulu siithawa. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, mudzandikumbuka."

A Binali anakanda m'mutu. "Ashehe anamuchitira kale dua, anamupempherera ndithu, ndipo anati tipite naye kuchipatala."

"Mwapita katatu. Mwabwerako ndi chiyani?"

A Binali anayang'ana akazi awo, akaziwo anayang'ana pansi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Salma anyamuka Loweruka m'mawa.

Mwini wakeyo anali ataima pakhomo, chala chili m'kamwa. Anamva zonse.

4. Pathandala

Lachisanu a Binali sankapita kunyanja. Ankasoka ukonde m'mawa, kusamba, kuvala mkanjo woyera n'kupita ku mzikiti. Tsiku limenelo Salma anadya phala lonse, monga mwa masiku onse a Lachisanu.

Ataweruka kusukulu, Zuleka anamuitana kuti akamuthandize kutembenuza utaka umene unayanikidwa pathandala kuseri kwa nyumba. Anagwira ntchito kwakanthawi. Zuleka sanamuyang'ane kumaso.

"Lero m'mimba muli bwanji?"

"Muli bwino."

"Nanga mawa mudzakhala bwanji?"

Salma anatembenuza nsomba imodzi kawiri. "Mawa ababa apita kunyanja."

Zuleka anapitiriza kutembenuza nsomba. Apa m'pamene anaona chimene chinali poyera nthawi yonseyi. Matendawo sankaopa Ijumaa ayi. Ankapuma tsiku limene nkhafi yagona kuseri kwa chitseko.

"Ndikapita kwa azakhali," anatero Salma motsitsa mawu, "bwato la ababa aziliyang'anira ndani? Ndiponso pa siteshoni mwina ndikalira. Ndimayesetsa, achemwali, koma mawa mwina ndikalephera."

"Ukalira chingachitike n'chiyani?"

"Yambani mwalumbira kuti simuuza amayi. Nenani Wallahi."

Zuleka analumbira msangamsanga, osaganiza, poopa kuti mwanayo angatsekenso pakamwa.

"Amalume a Twaibu ndinawapha ndine."

Amalume awo a Twaibu, mlongo wawo wa amayi, anamira chaka chapitacho, mwezi womwewu wa Juni, bwato lawo litagubuduzika ndi mwera. Zuleka anafuna kuseka kuti athetse mantha, koma anakumbukira mawu a a Yohane.

"Unawapha bwanji?"

"Tsiku lija ndinkalira pagombe kuti anditenge m'bwato. Inu munati ndikhale chete. Munati kulira munthu akupita kunyanja ndi malodza, akamira ndiwe. Ine sindinasiye msanga. Ndiye anamira."

Nsomba imene inali m'manja mwa Zuleka inagwa pamchenga. Anakumbukira. Tsiku limenelo anali ndi ndowa yamadzi pamutu, mwana akumukoka chitenje, ndipo anangotola mawu amene amayi a pagombe amauza ana tsiku lililonse. Iye anawaiwala dzuwa lisanalowe. Pamaliro analira pamodzi ndi anthu onse, mtima n'kupepuka. Mng'ono wake ndiye anawasenza mawuwo chaka chathunthu, yekha.

"Salma, zija ndinangonena. Si zoona."

"Koma anamira."

"Unali mwera."

"Mwerawo unabwera nditalira." Salma anamugwira dzanja mwamphamvu. "Amayi akadziwa adzandida. Anali mlongo wawo mmodzi yekhayo. Mwalumbira, achemwali."

Madzulo asanafike Zuleka anapita kukhitchini katatu kumene kunali amayi ake. Ulendo woyamba anapempha mchere. Wachiwiri anafunsa ngati nkhuni zikwanira. Wachitatu anangoima pakhomo mpaka amayi anamufunsa ngati nayenso wayamba kudwala. Anachita mantha. Ankaopa lumbiro lija, ankaopa kutchula dzina la malemu pamaso pa amayi, koma koposa zonse ankaopa kunena kuti pakamwa polakwapo panali pake.

5. Loweruka m'mawa

Zovala za Salma zinamangidwa m'chitenje. A Hajara anali atavala kale nsapato, akufulumizitsa anthu kuti sitima sidikira munthu. A Binali anachedwa dala kupita kunyanja kuti atsazikane ndi mwana wawo. Nkhafi anali ataitsamiritsa pakhoma, ndipo Salma anali atadzipinda pafupi nayo, thukuta lili pamphumi.

"Mukuona?" anatero a Hajara. "Dzulo anali bwinobwino."

Amayi anawerama kuti amudzutse. Pamenepo Zuleka anabwera n'kugwada pakati pa bwalo.

"Ababa, amayi, ndili ndi mawu. Salma alibe majini. Amene ndinamudwalitsa ndine."

Salma anadzuka ngati walumidwa. "Achemwali, munalumbira."

"Ndinalumbira, ndipo ndikuphwanya. Undikhululukire."

Anafotokoza zonse: za pagombe, za ndowa, za malodza, za chulu cha kusukulu, ndi chifukwa chake Lachisanu m'mimba mumakhala bwino. Sanadzichepetsere mlandu. Pamene ankamaliza, Salma anali atabisa nkhope kukhoma, akudikira kuti amayi ake amuthamangitse.

Amayi anakhala pansi, padothi pomwepo. Kenako anakwawa ndi mawondo mpaka pamene panali mwanayo, namukokera pachifuwa.

"Mwana wanga, chaka chonsechi? Twaibu bwato lake linali long'aluka kumutu. Ndinamuuza ine kawiri kuti alimate, iye ankangoseka. Ngati pali woti adziimbe mlandu ndine, amene sindinamubisire nkhafi. Iwe unangolira chifukwa unkawakonda amalume ako."

A Hajara anakhosomola. "Komatu mawuwo alipo. Sanawapeke Zuleka. Ifenso tinakula tikuuzidwa zomwezo."

"Alipo, achemwali," anatero a Binali, "ndipo ine ndawanenapo kwa ana a eni ake kosawerengeka. Tinawapanga ife akuluakulu kuti ana asamatichedwetse pagombe, basi. Timaponya mawu ngati mwala kuthamangitsa nkhuku, osayang'ana kumene wagwera. Zuleka, walakwa, koma walakwa kulakwa kwa mudzi wonse. Kuyambira lero udziwe kuti mwana samva mawu ngati mmene timamvera ife. Ukamuuza kuti akachita chakuti kubwera fisi, iye fisiyo amamuona ndithu, ndipo amagona naye. Ukafuna kuti mwana akhale chete, muuze chifukwa chenicheni, ngakhale chikhale chachitali. Za lumbiro lako tikafunsa ashehe chochita. Koma ukanalisunga, mng'ono wako akanakatemedwa mphini thupi lonse chifukwa cha mawu ako, iwe uli chete. Pamenepo ndiye ndikanakukwiyira."

Zuleka analira. Salma anamuyang'ana mwamantha, kenako anayang'ana nkhafi ija.

A Hajara anakhala kanthawi akugwedeza mwendo. Kenako anavula nsapato, natenga mtolo wa zovala uja n'kuyamba kuumasula okha. "Ine ndikhala mpaka Lolemba," anatero. "Ndione ndi maso anga. Akapanda kusintha ndimutenga, ndipo pasadzakhale wondiletsa."

6. Pagombe

A Binali ananyamula nkhafi, dzanja linalo anagwira Salma. "Tiye undiperekeze. Zuleka, nawenso."

Nyanja inali bata. Anzawo a a Binali anali atakweza kale ukonde m'mabwato, akudandaula kuti dzuwa lakwera. A Binali ananjuta kuti alingane ndi mwana wawo.

"Tamvera. Ine ndakhala panyanjayi zaka makumi awiri. Chimene chimagubuduza bwato ndi mphepo, ndi bwato lobooka, ndi kusamva kwa mwini wake. Misozi ya mwana ilibe mphamvu imeneyo. Lero ndikufuna ulire. Lira zonse zimene wasunga, ine ndikupalasa, ndizikumva. Ndipo ndibwera azana yoitanira mapemphero a masana isanamveke ku mzikiti, udzaone wekha."

Analonjeza ndi mtima wabwino, monga amachitira abambo. Koma nyanjayo sanaifunse.

Salma anapukusa mutu, mlomo atauluma. Bwato linakankhidwa. A Binali analumphiramo, natembenuka n'kumukodola ndi dzanja. Mwanayo anagwira chitenje cha Zuleka.

"Lira," anatero Zuleka. "Ndili pompano."

Kunayamba ngati kutsokomola. Kenako kulira kunatuluka konse, kwa chaka chathunthu. Anaitana ababa ake, anaitana amalume ake. Amayi ena amene ankatsuka mbale m'mphepete mwa madzi anadzuka kuti amuletse, koma Zuleka anawapempha mwaulemu kuti amusiye. A Binali anakweza nkhafi m'mwamba kusonyeza kuti akumva, mpaka bwato linachepa n'kusanduka kadontho.

Atatha kulira, Salma anapuma mozama. Anati ali ndi njala. Zuleka anathamanga kunyumba n'kubwera ndi chinangwa chophika, ndipo mwanayo anadya zidutswa zitatu, Loweruka, bambo ake ali panyanja. Anayambanso kukumba timaenje mumchenga ndi ana anzake. Zuleka anasangalala kwambiri moti anafuna kukawaitana azakhali kuti adzaone.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, madzi anasintha mtundu chakummwera. Mchenga unayamba kuwaza m'miyendo. Amayi a pagombe anathamangira kukaanula nsomba, ndipo mabwato anayamba kubwerera mothamanga, awiriawiri, asodzi atanyowa mpaka m'mutu.

Zuleka anafunsa bambo wina amene ankakoka bwato lake ngati awaona a Binali.

"Anapita chakuzilumba," anayankha bamboyo. "Iwo aja ananyamuka mochedwa. Mwina akhala kuseri kwa chilumba kudikira kuti mphepo itsike."

Salma anali atasiya kusewera. Anabwera n'kuima pambali pa mkulu wake, mchenga uli m'manja. Mabwato onse anali pamtunda kupatula awiri a gulu la a Binali.

Kumudzi kunamveka azana ya masana. Ana awiriwo anaimvera mpaka inatha.

Salma sanalire. Anakweza maso n'kufunsa mwakachetechete.

"Achemwali, kodi ndinalira kwambiri?"